Mwana wachitatu ali m'njira koma nyumba ndi yaing'ono: tim'goneka pati?

Funso: "Ndine mayi wa ana awiri, mnyamata wa zaka 7 ndi mtsikana wa zaka ziwiri ndi theka, ndipo panopa ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Nyumba imene timachita lendi ili ndi zipinda ziwiri zogona ndi pabalaza pang'ono. Mtsikanayu amagonabe kuchipinda kwathu pa kabedi kake. Mchimwene wake amagona m'chipinda chinacho, koma mwadzaza makatoni, masutikesi ndi zovala zimene palibe akuvala. Amuna anga akuti mwana akangobadwa tidzasamutse mtsikanayu kuti kabedi kakhale ka khandalo. Ine ndimaganiza zoti mwina khanda lizidzagona pakati pathu. Kusamuka sitingathe chaka chino. Usiku sindikuona tulo poganiza zimenezi. Tiyambire pati?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Mwafunsa nthawi idakalipo, ndipo miyezi inayi yatsalayi ndi yokwanira kukonza zonse mosathamanga. Pa zaka zimene ndagwira ntchito ya uzamba ndi kuyendera amayi m'makomo akachira, ndalowa m'nyumba zambiri zothina kuposa yanuyi, ndipo ndaona kuti pa anthu onse a m'nyumba, khanda ndi limene limafuna malo ochepa zedi. Kabedi ka mwana kawirikawiri kamakhala masentimita 120 m'litali ndi 60 m'lifupi, malo ochepa kuposa chitseko mutachigoneka pansi. Malo amenewo muli nawo kale, ndi pomwe pali kabedi ka mtsikana wanu. Ntchito yaikulu ili pa mtsikanayo, pa mchimwene wake, ndi pa makatoni aja. Koma tiyambe ndi khandalo, popeza ndi limene lili pamtima panu.

Khanda silifunika chipinda chakechake. Bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics, m'malangizo ake a 2022, linabwerezanso kuti mwana azigona m'chipinda chimodzi ndi makolo ake, koma pamalo akeake, kwa miyezi 6 yoyambirira kapena kupitirira. Kugona motero kumachepetsa, mwina mpaka ndi theka, ngozi ya imfa yadzidzidzi imene imagwera makanda ali m'tulo, imene madokotala amaitcha SIDS. Komanso mukudziwa kale, poti aka si koyamba, kuti khanda limayamwa maulendo 8 mpaka 12 pa tsiku, usana ndi usiku womwe. Ngakhale mayi wa nyumba ya zipinda zisanu ndimamuuza zomwezi, kuti mwana agone pambali pake.

Za kugona naye pakati pa inu ndi bambo, ndilankhule mosapsatira. Amayi ambiri amachita zimenezi ndipo sindiwaweruza, chifukwa kuyamwitsa usiku n'kotopetsa ndipo tulo timaba munthu osadziwa. Koma pabedi la akuluakulu pali mapilo, mabulangete olemera, matiresi ofewa ndi matupi awiri aakulu, pamene khanda la milungu yochepa silingathe kukankha nsalu ikaliphimba kumaso. Pali nthawi zina zimene ndimakana kwamtuwagalu: ngati inu kapena bambo mumasuta fodya, ngakhale muzisutira panja, ngati wina wamwa mowa kapena mankhwala ogonetsa, ngati mwana wabadwa milungu 37 isanakwane, kapena ndi sikelo yosafika makilogalamu 2.5. Pa sofa ndiye musayese n'komwe kugona naye. Mwana amatsetsereka n'kupanikizika pakati pa thupi la mayi ndi khushoni, ndipo ngozi yake ndi yaikulu kuposa ya pabedi. Mukaona kuti tulo tingakubeni mukuyamwitsa, kuli bwino muyamwitsire pabedi, mutachotsa mapilo ndi mabulangete pafupi naye, ndipo mukadzidzimuka mum'bwezere pa kabedi kake.

Kwa inu pali chifukwa chinanso. Mtsikana wanu anazolowera kukupezani pafupi usiku. Mwana wa msinkhu umenewo akadzuka amakwera pabedi la makolo maso ali chitsekere, amangodziponya pamene wafikira, n'kumaponda uku ndi uku mpaka kucha. Khanda lisagone pambali pa mwana wina, ngakhale kwa kanthawi kochepa masana.

Kabedi kalipoko mungakagwiritsenso ntchito, bola muyambe mwakaunika. Kagwedezeni muone ngati zomangira zili zolimba ndipo palibe thabwa lothyoka kapena losowa. Mipata ya pakati pa timatabwa ta m'mbali isapitirire masentimita 6, chifukwa pampata waukulu thupi la mwana limadutsa, mutu n'kukodwa. Matiresi akhale olimba, afulati, okwana ndendende. Zala zanu zitatu zikalowa pakati pa matiresi ndi thabwa, ndiye kuti ndi aang'ono. Matiresi amene agonedwa zaka ziwiri ndi theka nthawi zambiri amakhala atalowa pakati, ena amanunkha chinyontho. Ngati mungakwanitse kugula chinthu chimodzi chokha chatsopano, gulani matiresi. M'kabedimo musaikemo pilo, zidole, kapena timakhushoni tokongola tija tomangirira m'mbali. Timeneto ndi chikomekome cha mkuyu, mwana akakanikizapo nkhope amabanika. Azigona chagada nthawi zonse, usiku ndi masana omwe. Ku America atayamba kulengeza uthenga umenewu mwamphamvu mu 1994, imfa za mtundu uja zinatsika kupitirira theka m'zaka zotsatira.

Kabediko kabwere kumbali imene inu mumagona, pamene mkono wanu ungafike, kutali ndi makatani, zingwe za pazenera ndi mawaya a magetsi. Pamwamba pake pasakhale shelefu kapena chithunzi cholemera. Ngati kumene mukukhala kuli malungo, neti ikwane kabedi konse, imangidwe bwino m'mwamba ndi kupisidwa pansi pa matiresi kuti isagwere mwana kumaso.

Tsopano za mtsikana uja. Amuna anu akunena zoona kuti ayenera kusamuka, koma nthawi imene asankhayo ndi imene ndimaletsa kwambiri. Ndikukumbukira nyumba ina imene ndinafika patatha masiku anayi mayi atachira. Khanda linali m'kabedi, ndipo kamtsikana ka msinkhu wa wanuyu kanaima pambali katagwira timatabwa ndi manja onse awiri, kakungobwereza liwu limodzi: "kanga, kanga." Sikankalira ayi. Mayi ake anandiuza kuti chibwerereni kuchipatala, mwanayo sanagonepo usiku wathunthu. Taganizani mmene zinalili kwa iye. M'sabata imodzi amayi ake anasowa masiku awiri, anabwerako atafukata mwana wina, ndipo usiku womwewo iye anachotsedwa pamalo pamene wagona chibadwire. Wa zaka ziwiri sangalekanitse zinthu zitatuzi. Chimene amaona n'chakuti mlendo uja wam'landa malo.

Ndiye pali njira ziwiri. Imene ndingasankhe ine ndi yom'samutsa panopa, kuti pofika tsiku lanu akhale atagona kuchipinda chatsopano miyezi iwiri kapena itatu. Yambani ndi tulo ta masana. Apite ndi bulangete lake lomwelo ndi chidole chake chomwecho, ndipo zimene mumachita asanagone, kaya kum'sambitsa kaya kum'imbira kanyimbo, zisasinthe. Akazolowera masana, yesani usiku. Masiku oyamba azibwerera kuchipinda kwanu kangapo. M'gwireni dzanja, m'perekezeni, mawu ochepa, osakalipa. Ntchito imeneyi ndi bwino aigwire bambo, chifukwa khanda likadzabadwa ndi iwo amene azidzam'dzukira akalira, ndiye azolowerane panopa. Kabedi kakatsala kopanda munthu, kamasuleni mukabise milungu ingapo kuti akaiwale. Ndipo pasapezeke wonena kuti "pereka bedi kwa mwana." Muzimuuza kuti wakula, tsopano azigona ndi achimwene ake.

Njira inayo ndi ya mwana amene mwayesa koma zakanikiratu. Musalimbane naye mpaka mwezi womaliza. M'siyeni pa kabedi kake, khanda muligoneke m'kabasiketi kogonera makanda, kokhala ndi pansi pafulati ndi timatiresi tolimba. Kameneka kamathandiza miyezi itatu kapena inayi, mpaka mwana atayamba kugudubuka kapena kudzitukula ndi manja. Pofika pamenepo mtsikanayo adzakhala atakwanitsa zaka zitatu, ndipo khandalo silidzakhalanso lachilendo kwa iye. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti mudzakhala anayi m'chipinda chimodzi, ndipo wina akalira amadzutsa mnzake. Njira iliyonse imene mungatsate, musaphatikize kusamukaku ndi kum'siyitsa matewera. Yambani ndi chimodzi, chikakhazikika mutenge chinacho.

Amene amaiwalika pa nkhani ngati izi ndi wamkulu uja. Wa zaka 7 sadandaula mokweza, ndiye akuluakulu amangoti palibe vuto, chonsecho chipinda chimene amati n'chake chikulowedwa ndi kamwana kong'amba makope. Khalani naye pansi musanasunthe kanthu. Mum'patse shelefu yapamwamba kapena bokosi lotseka loti mlongo wake asaligwire. Bokosi limeneli lili ndi ntchito inanso yaikulu. Tinthu timene mnyamata wa msinkhu wake amasunga, ndalama zachitsulo, mikanda, timaginito, timatayala ta tigalimoto, ndi tomwe timatsamwitsa ana aang'ono. Muyeso wosavuta ndi uwu: chilichonse chimene chingalowe m'kachubu ka katoni kotsala pepala la kuchimbudzi likatha chisakhale pofikira mwana wosakwana zaka zitatu. Timabatire tozungulira tooneka ngati mabatani tija ndiye toopsa kuposa zonse. Mwana akameza, timatha kuwotcha kummero m'maola awiri okha, ndipo imeneyo ndi nkhani yothamangira nayo kuchipatala nthawi yomweyo. Zolowerani panopa, chifukwa pakatha chaka khanda lidzakhala likukwawa n'kumatolera m'kamwa chilichonse.

Bedi losanjikiza limapulumutsa malo ambiri, koma mwana wosakwana zaka 6 sayenera kugona pamwamba. Mnyamata akwere pamwamba, mtsikana pansi, ndipo pamwambapo pakhale zotchinga mbali zonse, ndi ya kukhoma yomwe. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi makwerero, chifukwa wa zaka ziwiri ndi theka akangowaona mtima wake wonse umapita pamenepo. Ngati wanuyu ndi wokwerakwera, ndingakonde matiresi oyala pansi, amene m'mawa mumangowalowetsa kunsi kwa bedi la mchimwene wake. Muzigoneka wamng'ono poyamba, wamkulu azilowa patapita theka la ola kapena ola. Zimachepetsa macheza a mumdima, ndipo mnyamatayo amaona kuti ukulu wake ukulemekezedwa. Zoti mnyamata ndi mtsikana adzafuna aliyense kwakekwake n'zoona, koma zidakali kutsogolo, ndipo ikadzafika nthawiyo katani yodula chipinda pakati imathandiza.

Ndiye makatoni aja. Tulutsani zonse tsiku limodzi chipinda chitsale chopanda kanthu, ndipo pa chilichonse dzifunseni kuti munachigwiritsa ntchito liti komaliza. Zovala za ana zisankheni potsata msinkhu. Zimene khanda lidzavale miyezi itatu yoyamba ndi zokhazo zofunika pafupi, ndipo zimakwana m'madirowa awiri. Zotsalazo zilowe m'masutikesi aja, mulembepo msinkhu wake, akwere pamwamba pa wadirobu. M'nyumba yothina malo amabisala m'mwamba ndi kunsi: pamwamba pa chitseko pamakwana shelefu, kuseri kwake zokolekera, kunsi kwa bedi mabokosi afulati. Tebulo losinthirapo matewera musavutike nalo. Kansalu kosalowa madzi koyala pansi ndi kadengu ka matewera n'zokwanira, ndipo pansi palibe pamene mwana angagwere.

Musanakankhe chinthu cholemera chilichonse, yezani. Jambulani zipinda papepala, dulani timapepala toimira bedi, wadirobu ndi kabedi, muzitisuntha patebulo mpaka zitakwana. Kumbukirani malo amene zitseko zimatenga potseguka, ndipo siyani kanjira ka masentimita pafupifupi 60 koti muzidutsa mumdima mutanyamula mwana. Kawirikawiri chimene chimatsekereza chipinda cha makolo ndi wadirobu kapena tebulo la galasi. Chimodzi mwa izi chikatuluka, kabedi kamatha kubwera kumbali kwanu.

Ena adzakuuzani kuti mupatse ana chipinda chachikulu inu mulowe chaching'ono, kapena muzigona pabalaza. Kusinthana zipinda ndi nzeru yabwino, koma ya m'tsogolo, ana onse atatu akadzayamba kugona limodzi. Chaka chino chipinda chachikulu chikufunika inu ndi kabedi. Pabalaza sindikukulimbikitsani. Pamakhala phokoso, utsi wa kophikira umafika, ndipo sofa ali pomwepo kudikira mayi wotopa.

Mukamaliza kusuntha, kabati iliyonse yaitali kapena ya madirowa imangiriridwe kukhoma. Mwana amakoka madirowa n'kuwasandutsa makwerero, kabati n'kum'gwera. Mu 2016 kampani yogulitsa mipando ndi makabati ya IKEA inalengeza kuti anthu abweze kapena amangirire kukhoma makabati a madirowa pafupifupi 29 miliyoni amene inagulitsa ku America, ana angapo atamwalira mwanjira imeneyi. Popeza nyumba ndi ya lendi, pemphani eni ake akuloleni kuboola timabowo tiwiri, ndipo muwafotokozere chifukwa chake. Zolemera muziika m'madirowa a m'munsi, ndipo TV isakhale pamwamba pa kabati yogwedera.

Anthu akachuluka m'chipinda chaching'ono, zenera lizitsegulidwa tsiku lililonse. Musayanike matewera ndi zovala m'chipinda chogona chotseka, chifukwa chinyonthocho chimabala chuku kuseri kwa makabati, ndipo chuku chimayambitsa chifuwa ndi kubanika mwa ana. Siyani kampata pakati pa katundu ndi khoma kuti mphepo izidutsa. Moto wa makala, kapena chotenthetsera chilichonse choyaka, chisagone m'chipinda chotseka. Mpweya wake wapoizoni suoneka, sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Kufunditsa khanda mopitirira nakonso n'koopsa. Muzim'gwira pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi, poti timanja timazizira ngakhale mwana watenthedwa, ndipo mukapeza thukuta chotsani chofunda chimodzi.

Inuyo ntchito yanu ikhale kuloza ndi kusankha zovala mutakhala pansi. Kunyamula mabedi ndi kukwera pampando kuti mufikire pamwamba pa wadirobu asiyireni ena, chifukwa munthu akakhala woyembekezera mfundo za thupi zimafewa, mimba imam'kokera kutsogolo, ndipo kugwa sikuchedwa. Ngati mupenta, apente wina, mazenera ali otsegula, kudakali milungu ingapo tsiku lanu lisanafike. Penti wakale kwambiri amene akusupuka musam'pale nokha. Wina amakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake limavulaza ubongo wa mwana ngakhale adakali m'mimba. Yesetsani kuti zonse zithe pofika milungu 36, poti kuyambira pa 37 mwana angabwere tsiku lililonse.

Zina musalimbane nazo nokha. Mukaona magazi, madzi akutuluka, m'mimba mukupweteka mosaleka, kapena mwana wachepetsa kusewera, kaya munanyamula kanthu kaya ayi, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Mwana akadzabadwa masiku asanakwane kapena ndi sikelo yochepa, funsani za kagonekedwe kake musanatuluke m'chipatala. Chuku chimene chimabwereranso mukapukuta ndi vuto la nyumba, eni ake abwere aone, ndipo mwana amene akutsokomola usiku kapena kulira m'chifuwa popuma akaonedwe ndi dokotala. Mtsikana wanu akadzayamba kukodza pogona, kulankhula ngati khanda kapena kufuna kuyamwanso, musadabwe ndipo musam'kalipire. Zimatha m'milungu yochepa akaona kuti pamiyendo panu malo ake adakalipo. Koma zikatenga miyezi, akamakana kudya, kapena akamafuna kupweteka khanda mobwerezabwereza, kambiranani ndi anamwino a kusikelo ya ana.

Mawu anu aja akuti simukuona tulo sindinawadumphe. Mwina zipinda zikakonzedwa mtima udzatsika. Koma nkhawa yopitirira ndi matenda a maganizo zimatha kuyamba mayi adakali woyembekezera, ndipo thandizo lake lilipo. Ngati patha milungu iwiri mukusowa tulo, mukungolira, kapena chakudya sichikulowa, uzani azamba, ndipo musachite kudikira tsiku lanu la kusikelo.

Loweruka likubwerali amuna anu atulutse makatoni, inu mukhale pampando ndi mnyamata wanu muzisankha limodzi, ndipo madzulo ake mum'funse mbali ya chipinda imene akufuna. Sabata yotsatira mtsikanayo ayambe kugona masana kumeneko.